Likasa Langa ndi Mwendo wa Ababa

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, anthu n'kumayenda pansi pamalo pomwe asodzi ankaponya makoka. Ntchito yanga inali yopikula matemba kudoko n'kukagulitsa ku Songani pa njinga, ndiye madzi atathawa ndinangotsala ndi njinga ndi dengu lopanda kanthu. Njingayo ndinagulitsa, ndinawonjezera matumba awiri a mpunga, thiransipoti n'kukwana.

Anandiperekeza kokwerera ndi ababa ndi mchemwali wanga Esinati, poti amayi anatisiya kalekale. Tsiku limenelo ababa ankatsimphina. Anali atabayidwa ndi chisonga kumunda wa mpunga ku Likangala, ndipo pachidendene anamangapo kansanza. Ndinawauza kuti akaonetse kuchipatala, chifukwa munthu wa shuga sasewera ndi chilonda.

"Kuchipatala amadula," anatero. "Ndidzapita iweyo ukadzanena kuti zafika povuta. Esinatiyu amaopa ndi chithunzithunzi chake chomwe."

Ababa ndi otero. Mawu a mwana wamkazi amangowadutsa, koma ine ndikati tiyeni, amavala jekete. Sindikuti zimenezi n'zabwino, ndikungonena mmene zilili. Tonse atatu tinkadziwa kuti chilondacho chikadzavuta, wowadzutsa pampando ndine.

Ku Joni ndinapeza ntchito yotsuka magalimoto. Tinkagona anthu anayi m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni, ndipo nyengo yozizira manja ankang'ambika ndi sopo mpaka kulephera kumanga batani. Kumapeto kwa mwezi ndinkatumiza kangachepe, nthawi zina kongokwanira thumba la feteleza. Ndinkatumizanso zithunzi nditatsamira magalimoto a makasitomala. Ndikaimba foni, Esinati ankati, "Kuno tili bwino, kaya inu achimwene." Ine ndinkati ndili bwino kwambiri. Za chilonda cha ababa ndinafunsa miyezi yoyambirira yokha. Ankati chikupola, kenako chayambiranso pang'ono, kenako chikupola, mpaka ndinasiya kufunsa.

Chimene sindinauzepo munthu ndi kusungulumwa. Lamulungu masana ndinkakhala pa kreti n'kumayang'ana khoma, osadziwa kuti tsiku ndilithere pati. Amene ananditola pamenepo ndi Jafali, mnzanga wa ku Machinga yemwe tinkatsuka naye limodzi. Anandilowetsa m'masewera a pa foni amene tinkangoti fantasi. Umasankha osewera enieni a ligi ya ku Mangalande n'kupanga timu yako ya m'maloto, ndiye iwo akagoletsa kumeneko, iwe kuno mapointi akulowa. Tinalipo asanu ndi atatu, Amalawi okhaokha. Ligi isanayambe tinkakumana tsiku limodzi n'kusankha mosinthana: wosewera amene mnzako watenga, iwe wakuphonya chaka chonse, ndipo nthawi yako ikakwana unali ndi mphindi imodzi ndi theka. Ukachedwa, foni inkakusankhira yokha, kawirikawiri munthu wokhalira benchi.

Chaka choyamba ndinasankha potengera mayina omwe ndinkawamva pa wailesi ya ababa, ndipo ndinathera kumchira. Anandiseka chaka chathunthu. "Che Lusiyano, timu yanuyi ndi ya mpira kapena ndi wodi ya kuchipatala?" ankatero Jafali, chifukwa theka la anthu anga linali lovulala.

Zinandipweteka kuposa mmene zinayenera. Munthu ukakhala wopanda dzina m'dziko la eni, ngakhale kanthu kachabe umafuna upambanepo. Chaka chachiwiri ndinakonza likasa, monga ana asukulu amalitchulira pepala lobera mayeso. Ndinatenga tsamba la kalendala n'kulemba kuseri kwake mizere inayi: agoli, akumbuyo, apakati, akutsogolo. Mzere uliwonse ndinandandalika osewera kuyambira amene ndinkamufunitsitsa mpaka wongogwirizira, kuti mnzanga akandilanda uyu, maso angotsikira pa winayo. Pambali ndinalemba ndi bolopeni yofiira onse ovulala: uyu bondo, masabata asanu ndi limodzi, uyu msempha wa ntchafu, uyu wachitidwa opaleshoni ya kakolo, asakunamizeni kuti wachira. Milungu itatu ndinathera pa pepala limenelo, ndi mabandulo omwe akanakwana kuimbira kumudzi tsiku lililonse. Pamwamba ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu tsiku ndi nthawi yosankhira, Loweruka 2 koloko masana, kuti ndisaiwale.

Lowerukalo tinaweruka msanga n'kukhala pa makreti kuseri kwa kuntchito, aliyense foni m'manja, ine likasa pabondo. Titazungulira kawiri, wakutsogolo yemwe ndinkamusaka anali asanatengedwe. Nthawi yanga itangokwana, foni inalira, dzina la Esinati n'kuphimba chilichonse. Ndinadula. Inaliranso, ndinadulanso. Kachitatu ndinapsa mtima, ndinatenga wosewera wangayo kutatsala masekondi ochepa, kenako ndinalemba uthenga: "Ndili pa ntchito, abwana ali pompano, musaimbenso."

Dzuwa litapendeka ndinamuimbira. "Palibe kanthu achimwene, timangofuna kumva mawu anu," anatero. Ndinafunsa za ababa, anati akugona. Munthu saimba katatu motsatizana pofuna kungomva mawu, ndipo ine ndinkadziwa. Koma ndinali wosangalala ndi timu yanga, ndipo sindinafune choisokoneza. Chaka chimenecho ndinapambana, Jafali n'kuyamba kunditchula kochi.

Ndinabwerera patatha chaka china, malo otsukira aja atatsekedwa, mapepala anga okhalira m'dzikomo nawonso atatha. Katundu wanga anali chikwama chimodzi, chitenje cha Esinati, ndi bokosi la nsapato zachikopa za ababa, zoti azivala kutchalitchi. M'bokosimo ndinaponyamonso mapepala anga, likasa lija lili momwemo, chifukwa ndinkalisunga ngati satifiketi.

Nyanja ndinaipeza itadzaza, fungo la matemba likumveka kuyambira kumsewu. Wakabaza ananditsitsa pabwalo. Ababa anali pakhonde, atafunda chitenje m'miyendo ngakhale kunali kotentha. Sanaimirire. Pakhoma panatsamira ndodo ziwiri za kuchipatala. Nditagwada kuti ndiwapatse moni, ndinaona kuti pansi pa chitenjecho pakutuluka phazi limodzi.

Esinati anandifotokozera kuseri kwa nyumba, akupeta mpunga, osandiyang'ana. Tsiku lija anandiimbira katatu, phazi la ababa linali litatupa n'kuyamba kuda. Lole ya munthu wogula mpunga inali pabwalo ikupita ku Zomba, ndipo dalaivala anavomera kuwatenga ngati anyamuke nthawi yomweyo. Ababa anati aimbire kaye ine, ndikavomera akwera. Uthenga wanga utafika, Esinati anawawerengera, ndipo iwo anati, "Basi, musamuchotsetse ntchito mwana." Lole inapita. Ababa anadzapita kuchipatala patatha mwezi ndi theka, atanyamulidwa osadziwa kanthu, ndipo mwendo anaudula m'munsi mwa bondo.

"Nanga madzulo aja bwanji sunandiuze?" ndinafunsa.

"Ababa analetsa. Anati munthu ali kutali sauzidwa zoti sangazithe." Anapeta kawiri, kenako anawonjezera, "Inunso za chilonda simunafunse."

Kwathu kuno timabisira wapaulendo matenda poganiza kuti tikumuchitira chifundo, nayenso amatibisira njala yake. Ndinakulira momwemo ndipo sindinkaonapo vuto, mpaka tsiku limenelo.

Nsapato zija ndinafuna kuzibisa, koma ababa anali ataona kale bokosi. Analitsekula, anatulutsa yakumanzere, anaivala n'kuseka. "Yakwana bwino. Inayo tiisunge." Kenako anatola tsamba la kalendala lija, n'kupatsa Esinati kuti awawerengere, poti maso awo satha zilembo zing'onozing'ono. Ndinafotokoza mwachidule kuti ndi masewera a mpira, ndipo zofiirazo ndi osewera ovulala.

"Onsewa unkadziwa pomwe pakuwapweteka?" anafunsa ababa, mosangalala ndithu. "Anachira?"

"Anachira onse," ndinayankha.

"Aa, zikomo. Koma iwe ndi mpira! Ndi abwana ovuta aja, nthawi unkaipeza kuti?"

Esinati sanaseke. Maso ake anali pamwamba pa pepala, pa zilembo zikuluzikulu zija. Tsiku limene lole inachoka pabwalo yopanda ababa iye sangaliiwale, ngakhale ola lake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kumayembekeza kuti anene, ndipo mwina ndikanapepukidwa akananena. Koma nayenso ndi mwana wa pakhomo pano. Anapinda pepalalo kanayi, analilowetsa mu nsapato yakumanja, n'kutseka bokosi.

Mpaka lero lili momwemo, pansi pa bedi la ababa. Lamulungu lililonse ndimawakweza pa njinga yobwereka kupita nawo kutchalitchi, nsapato imodzi itapolishidwa, ndipo panjira amauza aliyense kuti mwana wawo ku Joni ankagwira ntchito mosapuma, moti ngakhale foni sankaloledwa kuyankha.