Mnyamata Wojambulidwa pa Boti

Pa doko pamene anthu amawolokera mtsinje kupita kumsika ndi kuchipatala, palibe amene sadziwa Mapewa. Dzinali anamupatsa ndi onyamula katundu, chifukwa nkhafi inamukulitsa mapewa mpaka telala ankadandaula kuti nsalu ya bulauzi yake ingaveke anthu awiri. Ankamuseka, inde. Koma mtsinje ukadzaza, osekawo ndi amene ankayamba kufunsa kuti, "Kodi Mapewa ali kuti?"

Boti limene ankapalasa linali la bambo ake. Analikhoma okha mkazi wawo ali ndi pakati poyamba, n'kulemba kutsogolo kwake ndi penti wofiira kuti AKUBWERA. Pambali pa dzinalo anajambula kamnyamata kovala kapusi ndi kabudula wobiriwira, nkhafi ili paphewa. Mutu unakula kuposa thupi, koma eni ake sankaona vuto. Nthawi itakwana kunabadwa mtsikana. Bamboyo anasuzumira m'nsalu, nati, "Zikomo, mayi. Wina akubwera." Kunabweradi ena awiri, atsikananso, kenako mimba zinaleka. Dzina silinasinthe.

Mapewa anayamba ndi kukapa madzi m'boti ndi chigubu chodula pakati. Kenako anaphunzira kumata phula m'ming'alu, kenako nkhafi. Msana wa bambo ake utayamba kuvuta anasiya sukulu, mwana amene masamu ankamugwadira, ndipo ang'ono ake awiri anaphunzira ndi mapewa omwewo. Ofunsira ankabwera n'kubwerera. Wina anachita kunena poyera kuti akuopa tsiku lokangana adzamuponya tsidya lina. Apite, anali wamiyendo ngati udzudzu.

Mvula ikatha boti ankalikokera kumtunda kuti alipente, ndipo burashi ankagwira ndi Mapewa, bambo ake ataima kumbuyo.

"Kapusiyo isapindike. Masowo uwatsegule, aziona njira."

Chaka ndi chaka ankadzoza nkhope ya mlongo wake amene sanabadwe, mpaka anaidziwa kuposa yake. Penti anaunjikana, zilembo zinatukuka ngati zipsera. Tsiku lina anayesa mwayi.

"Bambo, penti watsala. Ndijambuleko kamtsikana kumbuyo kuno?"

"Boti si khoma la sukulu ya mkaka," anatero bambowo. Nkhani inathera pomwepo.

Kenako ng'ala inawaphimba maso onse awiri. Ankabwerabe padoko ndi ndodo, n'kumapapasa zilembo zija ndi zala mpaka apeze mutu wa kamnyamata. Akaupeza ankausisita, amvekere, "Mwadzuka, achimwene?" Mwana wamoyo, amene waima pomwepo manja ali zikang'a, ankangomufunsa ngati chingwe wamanga bwino.

Ndiye kunatulukira Jekete, mwana wa mng'ono wawo, amene tauni inamulavula. Jekete lake sankalivula ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo madzi ankawadziwira m'kapu. Bambo a Mapewa anaitanitsa banja lonse pabalaza, mipando mpaka yobwereka, nati, "Amene ndinkamudikira uja wafika. Boti ndi la mwamuna."

Agogo ake a Mapewa, obala mayi ake, sanadikire kupatsidwa mpata.

"Apongozi, anafa ndi maso okha kapena ndi mutu womwe? Wakudyetsani zaka zonsezi ndani, wapenti uja kapena wajekete uyu?"

"Mayi, izi ndi za kubanja kwathu."

"Njala ija inalinso ya kubanja kwanu, koma munkadya thukuta la mdzukulu wanga!"

Mapewa anali ataima pafupi ndi chitseko. Atalankhula, mawu ake anali otsika.

"Bambo, tsiku limene munkajambula mwana uja, m'mimba mwa amayi munali ndani?"

Jekete anayamba kupukuta nsapato ndi chala.

"Munali ine. Ndinabwera, bambo."

"Unabwera, inde," anatero bambowo. "Ndiye mawa ulipente bwino, mlongo wako Jekete alandire chinthu chooneka."

Analipenta. Kapusi sinapindike, maso anawatsegula. Alipo amene amati akanaliboola pansi. Amenewo sadziwa mtundu umene mwanayu anachokera.

Jekete sanachedwe. Anapala zonse, dzina ndi kamnyamata komwe, n'kupaka penti wachikasu ngati shopu, kenako analitengera kumunsi kwa mtsinje kukanyamula mchenga. Bambowo palibe anawauza. Ankangomva kuti boti lili kokonza. Mapewa anayamba kupalasa boti la munthu wina, lakuda ndi phula, lopanda dzina. Kunyumba ankatumizabe chakudya, koma mwini wake sankapondako.

M'mawa wina mvula itagwa kumapiri, mtsinje uli thovu lokhalokha, mayi ake anatsika padoko atagwira mwamuna wawo dzanja, ulendo wa kuchipatala cha maso. Opalasa ena onse anali atakana kuwoloka. Mapewa anayandikitsa boti osanena kanthu.

Bambowo atakhala pansi, zala zawo zinayamba kufufuza pathabwa.

"Ili si lathu. Dzina lake ndani?"

"Lilibe," anayankha mkazi wawo.

"Boti lopanda dzina? Mwini wake alibe mwana?"

Madzi ankakoka, zitsa ndi zinyalala zikudutsa. Mapewa analozetsa mutu wa boti kumtunda, n'kumadula mtsinje pang'onopang'ono monga anaphunzirira, osalola ngakhale dontho kugwera pa malaya a okwera. Bambowo anatchera khutu ku nkhafi, akugwedeza mutu ngati munthu amene akumva nyimbo yabwino.

Tsidya linalo kunali matope ofika m'mawondo. Mapewa anatsika, nawanyamula bambo ake m'manja ngati mwana. Iwo pofuna pogwira anakoleka dzanja paphewa lake. Analipapasa, kulifinya, kuliyeza ndi chikhatho. Phewa limeneli anali asanaligwirepo chibadwire mwanayo.

"Ee, mnyamata iwe! Thupi ngati chitseko. Kapalasidwe kameneka ndinkakafuna m'nyumba mwanga. Bambo ako anachita mwayi."

Mayi ake anatsegula pakamwa. Mapewa anawayang'ana n'kupukusa mutu.

Anawatsitsa pouma, nawakonza kolala imene inapindika, nawapatsa ndodo yawo m'manja. Kenako anabwerera m'matope muja. Kutsidya kunali anthu ena akudikira.