Mphini pa Kabatire ka Asibweni

Ndinapita ku Joni chifukwa cha chitedze. Ndinachiwaza pampando wa aphunzitsi a masamu tili Fomu 3, ndipo anadzikanda mpaka kuiwala kuti m'kalasi muli atsikana. Sukulu inandichotsa. Sindinapepese, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimaseka. Amayi anati, "Apite kwa asibweni ake, akawavutitse iwowo." Asibweniwo ndi alongo awo a amayi, a Jere, omwe anali alonda pafakitale ina kumeneko. Ndinakwera basi pa Jenda, osacheuka.

Ku Joni ndinkatsuka magalimoto. Manja ankang'ambika ndi sopo ndi chisanu. Lamlungu ndinkakhala pakhomo pa kachipinda kathu, kumvera anthu akuseka m'chinenero chomwe sindinkachimva. Mauthenga ochokera kumudzi sankasintha: moni wa mzere umodzi, kenako feteleza, malata, foni. Palibe anafunsapo ngati tadya.

Tsiku lina asibweni anagwa pageti. Madokotala anati mtima wawo ukugunda mwaulesi. Anawaika kabatire pansi pa khungu, pachifuwa chakumanzere, kokhala ndi timawaya tolowa mumtima. Womasulira Chizungu cha madokotalawo ndinali ine, choncho chenjezo ndinalimva ndi makutu anga: pakafiira, pakatupa kapena pakatuluka mafinya, thamangani. Tizilombo tikalowa timatsata waya mpaka mumtima, ndipo mapilitsi okha sangatithe. Amachotsa kabatire konse.

Ntchito yawo inathera pomwepo, ndipo tinabwerera limodzi kumudzi, cha ku Luwawa.

Kwathu anthu ankabwera pamzere kudzagwira kachotupako, ena manja akuda ndi fodya. Asibweni atadandaula kuti pakuyabwa, akazi awo, a NyaMoyo, anagamula kuti magazi akukana chinthu cha azungu. Ine ndili kuchigayo, anaitana mkulu wina wotema mphini. Anawatema zisanu pamwamba penipeni pa kabatire, ndi lezala lomwe linametapo theka la mudzi, n'kutikitapo phulusa la mizu.

Sabata isanathe panafiira, panatupa, mafinya n'kuyamba kudontha. Asibweni ankanjenjemera m'bulangeti dzuwa lili paliwombo.

"Tiwatengere kuboma lero," ndinatero.

"Mbwenu dokotala ndiwe, wachitedze?" anatero a NyaMoyo. "Ndi poizoni akutuluka ameneyo. Mankhwala akugwira chomene."

Abale onse anavomera ndi mitu, ngati ng'ombe pagoli. Zoona ndinazinena katatu, m'Chitumbuka, m'Chichewa, mpaka m'Chizungu. Zinangopita ndi mphepo. Masiku atatu anadutsa, iwo akungoti galimoto sikupezeka.

Ndiye ndinatenga kafoni kanga kakale, n'kutchera alamu yolira ti-ti-ti, n'kukalowetsa m'thumba la jekete ya asibweni. Kenako ndinakakhala pakhonde, kumasenda nzimbe.

Italira, ndinathamangira m'nyumba nkhope itagwa. "Dokotala ananena. Kakalira chonchi, mafinya afika pabatire. Kaphulika ngati tayala la lole ya ku Chikangawa."

Liwiro lomwe ndinaliona tsiku limenelo, ngakhale pa mpikisano wa sukulu sindinalionepo. A NyaMoyo anatuluka atasenza wailesi ya kanema. Wina anatulutsa matumba a feteleza. Wotema mphini uja analumpha mpanda, n'kusiya nsapato imodzi. Asibweni anatsala okha pamphasa. Galimoto yomwe kwa masiku atatu inali yosatheka kupeza inafika nzimbe yanga ndisanamalize, chifukwa aliyense ankafuna kuti chinthucho chikaphulikire kutali ndi malata atsopano.

Kumbuyo kwa galimoto tinakwera awiri okha. Kuboma anawaika dilipi nthawi yomweyo n'kutitumiza kuchipatala chachikulu. Tizilombo tinali titalowa kale m'magazi. Anati masiku ena awiri tikanakumba manda. Panatenga masabata a jakisoni ndi ulendo wina wautali kuti kabatire kowolako kachotsedwe, n'kuikidwa kena mbali inayo.

Kumudzi akuti ndinawanamiza akuluakulu, ndine mwana wopanda mwambo, ndipepese. Adikira mpaka imvi.

Koma mumsewu muja, tikuyandikira tauni ya Mzimba, asibweni anatsegula maso, n'kupisa m'thumba, n'kundipatsa kafoni kanga.

"Zimitsa, mphwanga, kakundisokosa. Ndinakaona pomwe unkakaika."

"Nanga bwanji simunanene?"

Anayang'ana fumbi lomwe tinkasiya kumbuyo. "Ndinkafuna ndione amene atsale nane m'nyumba. Zaka zonse zija ndakhala ndikuwatumizira malata."