Moto wa mu Juni paphiri la amayi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinasiya kuyandikira pamoto. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo tinkakhala kuseri kwa Malomo, m'munsi mwa kaphiri kamene amayi anasiyiridwa ndi amayi awo. Abambo anali mkamwini, choncho ankati kaphiriko n'ka amake Esinati, iwo kwawo n'kulima basi. M'menemo amayi ankamwetamo udzu wofolera, kuzula bowa wa utale ndi kutola masuku okagulitsa kumsika.

Zinali zaka zoyambirira za matipate, pamene mawu akuti ufulu anali pakamwa pa aliyense. Alonda a nkhalango anthu anasiya kuwaopa, ndipo osaka mbewa ankangoponya moto pathengo n'kumapita. Mu Okutobala wina, dzuwa lili paliwombo, moto unatsika kaphiri kathu ukulira ngati galimoto ya fodya. Nyumba inapulumuka chifukwa anthu anathamanga ndi zidebe, koma khola linapsa, ndipo m'katimo munali kamwana ka mbuzi kothyoka mwendo kamene ndinkakasamalira ndekha. Ndinakamva kakulira.

Kuyambira tsiku limenelo, amayi akandituma kukasonkheza moto ndinkapeza chifukwa. Ndinkalolera kutunga madzi kawiri kapena kusinja mpaka matuza, bola ndisalowe m'khitchini. Amayi sanandikalipire. Ankangondiyang'ana n'kutuma mng'ono wanga.

Mvula itatha, kunamveka uthenga kutchalitchi kuti kukubwera mlangizi wa zankhalango kudzaphunzitsa eni minda za moto. Abambo anati amenewo ndi maphunziro a anthu osowa chochita. Amayi anamanga mpango, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze.

Tinakhala pansi pa mtengo wa kachere pabwalo la sukulu. Mlangiziyo anali a Kamphinda, bambo wamfupi wachibwibwi pang'ono, amene anafika panjinga yamoto yotsokomola. Anayamba ndi kufunsa anthu zimene zinasowa m'phiri chiyambire moto wa chilimwe. Wina anati nkhwali, wina anati uchi, mayi wina anati ngakhale mankhwala a ana akuwatsata kutali. Kenaka a Kamphinda ananena chinthu chimene chinautsa phokoso: kuti njira yotetezera phiri ndi kulitentha tokha mu Juni, udzu usanaumitsitse, titalambula njira m'mbali, ndipo tizitentha zigawozigawo n'kusiya zina kuti tinyama tipeze kothawira. Anati moto wa nthawi imeneyo umangodya zinyalala, koma wa mu Okutobala umapha ndi mitengo yomwe.

Anthu anaseka. Ena anayamba kuloza a Likoswe, tenanti wochokera ku Phalombe amene ankalima fodya paesiteti yoyandikana nafe, kuti moto wonse umayamba ndi alendo. A Likoswe anangowerama. A Kamphinda anati sanabwere kudzazenga mlandu, ndipo anapempha munthu mmodzi wolola kuti tikaphunzirire pamalo ake. Amuna ankayang'ana kumapazi.

Amayi anaimirira.

"Bwerani kwanga," anatero. "Kwapsa kale kamodzi. Koma a Likoswe abwerenso, ndi amene tinayandikana nawo."

Pobwerera ndinawakwiyira amayi njira yonse. Kunyumba abambo anagwira pakamwa, n'kufunsa ngati amayi aiwala khola. Amayi anayankha kuti n'chifukwa chake avomera. Mawa lake ndinaona abambo akunola makasu osauzidwa ndi munthu.

Tinalambula kwa masiku angapo. Njirayo inazungulira kaphiri, yotakata moti ngolo ikanadutsamo, ndipo ina inapatula chigawo cha udzu wofolera ndi kadambo kamene munkaikira nkhwali. A Likoswe anabwera ndi akazi awo ndi ana, ndipo pogwira ntchito ankatiimbira nyimbo zakwawo zimene sitinkazimva koma tinkavomera.

Tsiku lotentha tinadikira mpaka dzuwa litapendeka, mphepo ya mwera itagona. Aliyense anagwira nthambi yaiwisi ya msuku. Ine ndinaima patali, pafupi ndi chulu. A Kamphinda anapereka machesi kwa amayi, poti malo ndi awo. Amayi anayatsa muuni wa udzu, koma m'malo mopita kutsogolo anabwera pamene ndinali.

"Esinati, gwira chitenje changa. Tiyendera limodzi. Ukafuna kuthawa undiuze, tithawa tonse."

Ndinagwira. Anagunditsa muuniwo paudzu, ndipo ndinatseka maso kudikira mkokomo uja. Sunabwere. Nditatsegula ndinaona kamoto kofika m'mawondo, kakuyenda monyinyirika, kakuthetheka pang'onopang'ono n'kumaima pamene papezeka udzu wauwisi. Utsi wake unali woyera, wonunkhira ngati chimanga chootcha. Ziwala zinkauluka patsogolo pake, ndipo nthengu zinabwera n'kumaziwakha m'mwamba. Kafulu kena kanatuluka m'tsekera, ndipo mwana wa a Likoswe anakanyamula kukakasiya kudambo. A Kamphinda analumpha motowo uku ndi uku kutionetsa kuti ulibe mphamvu, mpaka buluku lawo linawauka kumapazi, anthu n'kufa nazo nseko.

Koma moto ndi moto. Titafika chakumtunda, kamphepo kanatembenuka mwadzidzidzi, ndipo lawi lina linadumpha njira n'kugwera m'udzu wofolera wa amayi. Udzu umenewo unali wautali ndi wouma kuposa wina, ndipo unalandira msangamsanga. Ndinamva phokoso lija likuyamba. A Likoswe anali oyamba kufika, abambo pambuyo pawo, kenaka tonse. Sindikudziwa nthawi imene ndinasiya chitenje cha amayi. Ndinangozindikira ndili pakati pa akuluakulu ndikumenya malawi ndi nthambi yanga, misozi ya utsi ikuyenderera. Tinauzimitsa, koma mbali ina ya udzuwo inali itapita.

A Kamphinda anapepesa kwambiri, nati njira ya pamenepo inafunika kukuza, ndipo iwo ndi amene sanaone bwino. Amayi anati chaka chimenecho adzafolera khitchini yokha, nyumba idikire. Kenaka anandiyang'ana, nkhope yanga ili bii ndi mwaye, n'kuyamba kuseka mpaka kukhala pansi.

Mu Okutobala moto wa osaka mbewa unabweranso monga mwa chizolowezi chake. Tinauona ukutsetsereka phiri la kutsidya, ukudya mitengo mpaka kunsonga. Utafika palupsa lathu unasowa chakudya, unangofuka m'mphepete n'kuzima. Masuku athu anabereka, ndipo mvula itagwa bowa anatuluka woti kutola mpaka kutopa. Juni wotsatira, anthu amene anaseka pansi pa kachere paja anabwera kudzafunsa amayi kuti njira ikhale yotakata bwanji, ndipo amayi ankawatumiza kwa a Likoswe kuti akawathandize kuyeza.

Ndili wamkulu, ndi ana angaanga, ndinawafunsa amayi kumene anatenga mtima woimirira tsiku lija amuna onse ali chete. Anali akusenda nyemba, ndipo sanadzutse mutu.

"Mtima wake uti? Inenso ndinkaopa. Zimene ankanena a Kamphinda sindinazikhulupirire n'komwe. Koma ndinali ndi mwana wamkazi woopa mafuwa, ndiye ndikanatani?"

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti amayi anapereka kaphiri kawo kuti apulumutse mitengo ndi udzu. Lero ndikudziwa kuti anaika pachiswe denga lawo ndi chuma chawo chonse chifukwa cha ine, ndipo ponyamula muuni uja ankaopa mofanana ndi ine.