Achimwene a Zuze Sanali Chidakwa

Fungo la mankhwala opopera thonje likandipeza, ngakhale lero nditakalamba chonchi, ndimaona achimwene a Zuze akutuluka m'mizere dzuwa lili paliwombo, pampu itawalemera kumsana, malaya atamatirira thupi ndi thukuta komanso madzi oyera ngati mkaka amene ankadontha pachivindikiro. Sanali abale athu. Anali mkamwini pakhomo loyandikana ndi lathu kwa Katunga, mnyamata wa ku Mozambique amene anakwatira Esinati, mwana wa a Chapepa. Ine ndinali ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri, ndipo ndinkadyetsa mbuzi m'mphepete mwa munda wawo.

Ntchito yonse yopopera inali yawo, poti ndiwo anali mkamwini. Mankhwala ankasungunula ndi dzanja m'ndowa. Kamlomo ka pampu kakatsekeka, ankakachotsa n'kukauzira ndi pakamwa, n'kulavula, n'kupitiriza. Madzi akumwa sankanyamula, ati mwamuna woyenda ndi chigubu kumunda apongozi amamuyesa waulesi. Tonse tinkaziona zimenezi, ndipo panalibe wodabwa.

Tsiku lina ndinawapeza atagona pansi pa msawu, atagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Achimwene, mwatani?"

"Dziko likuzungulira, mphwanga. M'mutumu ngati akusinjamo. Kachitatu aka sabata ino."

"Ndikaitane a Chapepa?"

"Usakanene. Mkamwini sadwala chaka choyamba."

Ndinathamangira pachitsime n'kuwatungira madzi. Anamwa, anathokoza m'Chisena chawo kuti "takhuta", kenaka anadzuka akudzandira n'kuberekanso pampu.

Madzulo ake amuna anali pabawo, a Chapepa akudandaula kuti munda sukutha kupopera. Atandiona ndikudutsa ndi mbuzi anandiitana.

"Iwe, umakhala komweko. Mkamwini wangayu amatani kumundaku?"

Za matenda sindinanene, monga anandiuzira achimwene a Zuze. Koma ndinachita choipa kuposa pamenepo. Ndinayamba kuyenda modzandira, nditagwira mutu, kutsanzira mmene ndinawaonera. Amuna aja anaseka mpaka wina anamwaza nkhomo za bawo.

"Kachasu ameneyo," anatero mmodzi.

A Chapepa sanaseke. "Amamwa?"

Ndinali ndisanaseketsepo akuluakulu chibadwire, ndipo zinanditsekemera. Ndinati, "Eya, amanunkha." Ankanunkhadi, koma ndinkadziwa bwino lomwe kuti linali fungo la pampu.

Kuyambira pamenepo, akagona pansi anthu ankati aledzera. A Chapepa anawawonjezera munda wina wa kudambo, ati ntchito iwachotse mowa m'mutu. Esinati, amene anali ndi pakati, anapempha kuti mwamuna wake apite kuchipatala, koma bambo ake anati chipatala sichichiza matsire. Achimwene a Zuze sanadziikire kumbuyo, ndipo ine sanandifunse kanthu. Tikakumana ankangoti, "Mbuzi zili bwanji, mphwanga?"

Patapita milungu iwiri anthu anawapeza atagwa chafufumimba pakati pa mizere, pampu ikadali kumsana, thovu lili kukamwa. Anamwalirira pangolo asanafike kuchipatala ku Chikwawa. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti mowa wamaliza mnyamata wabwinobwino. Ine ndinali pomwepo, ndinamva, ndipo ndinakhala chete.

Sukulu ndinaiyamba imvi zitamera, ya kwacha, ndipo m'pamene ndinatha kuwerenga machenjezo amene amalemba pamabotolo a mankhwala a kumunda. Chaka chatha mdzukulu wanga wodula nzimbe anayamba kudandaula za chizungulire ndi mutu wobwerezabwereza. Anzake ankamuseka kuti akuthawa ntchito. Ine ndinamukweza pakabaza tsiku lomwelo kupita naye kuchipatala. Adokotala anamufunsa ngati amamwa madzi okwanira, ngati amadya asanapite kumunda, ngati thupi limatentha, ndiponso ngati amagwira mankhwala. Anatiuza kuti mwa achinyamata vutoli limachokera ku zinthu zambiri: ludzu ndi kutentha, kuchepa kwa magazi, malungo, kuthamanga kwa magazi, maso ofooka, ngakhalenso poizoni wa kumunda. Mdzukulu wanga anamupeza ndi malungo ndi magazi ochepa, ndipo anachira.

Tisanatuluke ndinawafotokozera adokotalawo za achimwene a Zuze. Anati sangatsimikize za munthu amene sanamuone, koma zikufanana ndi za mankhwala, ndipo munthu wotere akasiya kupopera n'kufika kuchipatala msanga amatha kupulumuka.

Esinati akadali moyo, amakhala kwa Mbenje. Ndinapitako mwezi watha, ndinakhala pamphasa, n'kunena zonse. Anandimvetsera akutongola chimanga, osandiyang'ana.

"Ine ndinkadziwa kuti samamwa," anatero. "Zovala zawo ndinkachapa ndine. Koma bambo anamvera inu, mwana."

"Mundikhululukire, mayi."

"Ine zanga zinatha kalekale. Koma mwana amene ndinali naye pakati uja wakula akumva kuti bambo ake anali chidakwa. Wafika pokana kutchula dzina lawo pa ana ake. Kamuuzeni iyeyo."

Mwanayo ali ku Nsanje, ndipo naye imvi zayamba. Kawiri konse ndafika pa siteji n'kubwerera. Ndiye ndalemba zimenezi pang'onopang'ono, ndi dzanja langa losazolowera cholembera, kuti Loweruka ndikakhale pakhonde pake n'kumuwerengera, chifukwa ndikadalira pakamwa pokha ndikudziwa kuti ndikangomufunsa za mvula n'kutsanzika.