Masoketi a Mayi Nampinga

Mayi Filomena Nampinga anaphunzitsa Sitandade 3 ku Bangwe kwa zaka makumi atatu, ndipo zaka zonsezo ankakhala m'nyumba zalendi za soketi imodzi. Akafuna kusita, ankayamba azimitsa firiji. Choncho atapuma ntchito n'kuyamba kumanga nyumba yawo ku Machinjiri, anali ndi pempho limodzi lokha: masoketi ponseponse, ngakhale pakhonde.

Ntchito yawayaring'i anaipereka kwa alamu awo, a Laurenti, omwe kale ankakonza mawailesi mu Zingwangwa. Mayiwo anapita ku Mulanje kukadwazika mchemwali wawo. Pobwerako patatha mwezi anapeza makoma atapakidwa penti, masoketi oyera khumi ndi asanu ndi limodzi atandandalika bwinobwino. Anayenda chipinda ndi chipinda akuwasisita.

Tsiku loyendera nyumba asanalumikize magetsi, woyendera wa zamagetsi anamasula soketi yapabalaza n'kusuzumira. Anamasula ina. Atamasula yachitatu anaitana mwini nyumba.

"Mayi, kuseri kuno kuli njerwa basi."

Masoketi okhala ndi mawaya analipo anayi. Waya wolowa m'nthaka, woteteza anthu kuti asagwidwe shoko, panalibe.

Madzulo ake mayi Nampinga anakhazika alamu awo pampando.

"Alamu, mawaya ali kuti?"

"Inu munati mukufuna masoketi, alamu," anayankha a Laurenti mofatsa. "Za mawaya simunanene."

Mayiwo anawayang'ana monga ankayang'anira mwana wobwera kusukulu wopanda kope. Kenaka anawathirira tiyi, poti anali amuna a mng'ono wawo.

Anthu akutchalitchi anawapezera Selina Mwafulirwa, mtsikana wamagetsi wa ku Chilomoni yemwe anali ndi mapepala ake. Selina anagogoda makoma onse, n'kunena kuti palibe kuchitira mwina koma kugoba.

"Penti yonseyi?" anafunsa mayiwo.

"Yonse, amayi. Kapena tidutsitse mapaipi pamwamba, aziwoneka."

"Gobani."

Kwa masabata awiri fumbi linali koboo. Mayi Nampinga sanachokepo. Anakhala pandowa yovundikira, chitenje chili kumphuno, akuwonerera waya uliwonse ukulowa mupaipi ndi kufunsa kumene ukupita. Pofika sabata yachiwiri, Selina ankangowapatsa tesita yoyezera magetsi kuti ayese okha.

Woyendera atabweranso anasaina chikalata chovomereza. Mayiwo analowa m'nyumbamo mu Juni, makoma adakali ndi mizere ya simenti yosapaka. A Laurenti anatumiza uthenga woti penti amaidziwanso. Mayiwo anayankha kuti amva.