Zala Ziwiri Zopindira Kuseri

Zaka makumi atatu ali pamakina osokera, amayi telala sanadulepo nsalu ndendende pa muyeso. Kaya ndi yunifolomu kaya diresi, ankasiya zala ziwiri n'kupindira m'kati. Kasitomala akadandaula, ankangomuuza kuti mwana amakula koma nsalu sikula. Liuma lawolo msewu wonse unkalidziwa.

Mwana wawo wachisamba ndi namwino. Ndiye anayambitsa sikelo ya ana ya Lachitatu pachipatala chaching'ono, koma akuluakulu ankafuna kuitseka, ati anthu sabwera. Pofuna kuwatsutsa, anakonza tchati pakompyuta. Miyezi inali m'munsi, mzere wa chiwerengero cha ana pamwamba, ndipo pansi pa mzerewo panali popaka mtundu, pooneka ngati phiri. Ana a katemera anali ndi mtundu wawo, odzakwera sikelo mtundu wina pamwamba pake. Tsoka ilo, makina osindikizira a kuntchito ankangotulutsa zakuda, mitundu yonse n'kusanduka matope.

Amayiwo ataona pepalalo anaseka, nati imeneyi ndi patani basi. Anakhuthula thumba la zidutswa za nsalu, n'kusankha zobiriwira za katemera ndi zachikasu za sikelo. Anasoka tchati chija akuimba. Koma dzanja lozolowera silifunsa mwini wake, pamwezi uliwonse anawonjezera zala ziwiri zija.

Namwino atayeza ndi tepi, anagwira pakamwa.

"Amayi, mwandiwonjezera ana amene sanabwere. Limeneli ndi bodza."

Mawuwo anawalasa mtima, pakuti bodza anali asanalisokepo chibadwire. Komabe kudula anakana. Anapindira nsalu yotsalayo kuseri, n'kusoka ndendende pa nambala.

Tsiku la msonkhano, nsalu ija inapachikidwa pakhoma. Akuluakulu aja, amene manambala ankawagonetsa tulo, anaona okha phiri likukwera mwezi ndi mwezi. Sikelo sinatsekedwe, ndipo mmodzi anachita kufunsa ngati telalayo amasokanso masuti.

Patatha chaka, namwino anabwera ndi nsalu ija m'chikwama, chimwemwe chitadzaza tsaya. Anati ana achuluka mwezi uliwonse moti tchati chachepa, pafunika kusoka china. Amayi telala anavala magalasi, anatenga lezala, n'kuyamba kumasula ulusi pang'onopang'ono, ndipo phiri lija linatambasuka kuchokera kuseri. Mtima wawo unadzaza, koma nkhope anaiumitsa dala.

"Ndinakuuza, mwanawe," anatero. "Amakula."