Silikoni ya Lusiya

Mwaswera bwanji nonse.

Mng'ono wanga Lusiya watsika shapa, minibasi ya ku Tete, masana ano, n'kutiuza kuti anakaonana ndi dotolo. Akufuna operasawu, kapena kuti opareshoni, yokuza mabere, ati anagwa atayamwitsa mapasa ake aja.

Atangotchula silikoni yoika m'maberemo, ababa alowa m'nyumba n'kutulutsa yomatira magalasi ija anagula ku Ulongwe. "Iyi ndiye aike m'chifuwa mwa mwana wanga?"

Taseka ndithu. Lusiya wafotokoza kuti yachipatala ndi ina, imakhala m'timatumba. Koma dotolo sanamubisire kuti timatumbato sitikhala moyo wonse. Titha kubooka, munthu n'kung'ambidwanso.

Amayi angofunsa kuti, "Timatumbato tikadzabooka dzinja, msewu utaduka, tidzathamangira nawe kuti?"

Thupi ndi la Lusiya inde, koma odzamudwazika ndife. Mukuti bwanji, abale?